Batani Limodzi, Alonda Atatu: Mafunso Anu pa Kasamalidwe ka Deta

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza mabungwe a boma amene amayang'anira momwe makampani amasonkhanitsira ndi kugwiritsira ntchito deta ya anthu. Tisanayambe kuyankha tigwirizane kaye pa tanthauzo la mawu, chifukwa ambiri akamva zoti deta amaganiza za bandulo ya intaneti imene imatha msanga pa foni. Deta imene tikunena pano ndi chilichonse chosungidwa chimene chingaloze munthu, monga dzina, nambala ya foni, malo amene wapitako, zimene wagula, masamba amene watsegula, ngakhalenso anthu amene amalankhula nawo kawirikawiri. Mafunso ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba sitinawaike.

FUNSO: Ndinaika pa foni yanga pulogalamu ina yosungira zithunzi, ndipo patangopita masiku ochepa ndinayamba kulandira mauthenga otsatsa malonda kuchokera ku makampani amene sindinawapatsepo nambala yanga. Nditadandaula ku ofesi yoteteza ogula anandiuza kuti nkhaniyo ndi ya bungwe loteteza deta, ndipo kumeneko anandiyankha kuti popeza ndinadina batani lovomereza, iwo sakuonapo mlandu. Zimatheka bwanji kuti nkhani imodzi ikhale ndi eni ake ambiri chonchi koma n'kusowa woisenza? (Mayi wina, mphunzitsi)

YANKHO: Mayi, akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma inu simunasankhe kuthamangira mapanga awiriwo, anachita kukutumizani. Gwero la vutoli ndi lakuti malamulo atatu amene akukhudza nkhani yanu anabadwa pa nthawi zosiyana, ndipo lililonse linabadwira vuto lake. Lamulo la mpikisano pa malonda ndilo lakale: ku America linakhazikitsidwa mu 1890 pofuna kuthana ndi makampani akuluakulu amene ankagwirizana kapena kumeza anzawo kuti atsale okha pa msika. Funso lake ndi lakuti, kodi msika ndi wotseguka, kapena pali wina amene wautseka ndipo akugwiritsa ntchito kukula kwake popondereza ena? Lamulo loteteza ogula limafunsa ngati munthu anauzidwa zoona asanagule ndiponso ngati mfundo za mgwirizano zili zachilungamo. Lamulo loteteza deta ndilo chitsiriza, poti loyamba linapangidwa mu 1970 m'chigawo cha Hesse ku Germany, ndipo limamuona munthu ngati mwini ufulu, kaya wagula kanthu kapena ayi.

Kwa zaka zambiri mabungwe oyendetsa malamulowa ankalima aliyense m'munda mwake popanda kuwombana makasu. Zinthu zinasintha pamene deta inasanduka chuma chenicheni cha makampani a pa intaneti. Taganizirani za batani limene munadina lija. Woteteza deta akaliona amafunsa ngati munauzidwa momveka kuti nambala yanu ipita kwa ndani, komanso ngati mukanatha kukana popanda kutaya kanthu. Woteteza ogula amafunsa ngati batani lokanira linabisidwa mwadala, kapena ngati mawu a mgwirizano analembedwa mokupusitsani. Woona za mpikisano amafunsa ngati munali ndi kwina kopita mukanakana. Kampani yochenjera imadziwa kuti malo abwino obisalapo ndi pa malire, pamene aliyense wa atatuwa akuganiza kuti pali mnzake.

Yankho limene anakupatsani, lakuti kudina batani kumathetsa nkhani, ine sindikugwirizana nalo. Lamulo la GDPR la mayiko a mu European Union (EU), limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018 ndipo mayiko ambiri atengerako polemba malamulo awo, limanena kuti chilolezo chiyenera kuperekedwa mwaufulu, pa cholinga chotchulidwa bwino, munthu atadziwa zimene akuvomera. Chilolezo chosungira zithunzi sichingasanduke chokha n'kukhala chilolezo chogulitsira nambala.

Kuti muone kuti kukankhirana udindo kumachitika ngakhale pa nkhani zazikulu, taonani za WhatsApp. Mu 2014 Facebook inalengeza kuti ikugula WhatsApp pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. European Commission, imene imaona za mpikisano mu EU, inavomereza mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo inanena kuti nkhawa zokhudza zinsinsi za anthu ndi za lamulo la deta, sizilowa m'lamulo la mpikisano. Oteteza deta nawo analibe mphamvu yoletsa kampani kugula inzake. Pa nthawiyo Facebook inauza Commission kuti sikanatha kulumikiza modalirika maakaunti a mapulogalamu awiriwa, koma mu Ogasiti 2016 WhatsApp inalengeza kuti iyamba kulumikiza manambala a foni ndi maakaunti a Facebook. Zilango zinabwera mobalalika. Mu Meyi 2017 Commission inalipiritsa Facebook mayuro 110 miliyoni chifukwa chopereka uthenga wosocheretsa. Mwezi womwewo bungwe la AGCM, loona za mpikisano ndi za ogula ku Italy, linalipiritsa WhatsApp mayuro 3 miliyoni pogwiritsa ntchito lamulo la ogula, chifukwa chochititsa anthu kuganiza kuti sangapitirize kugwiritsa ntchito pulogalamuyo akapanda kuvomera mfundo zatsopano. Mu Seputembala 2021 bungwe loteteza deta la ku Ireland linalipiritsa WhatsApp mayuro 225 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu momveka zimene imachita ndi deta yawo. Zindapusa zonsezi zinafika makampani awiriwa atakhala kale amodzi.

Kwa inuyo, lembani kalata imodzi yopita ku maofesi onse awiri, pa kalatapo paoneke kuti winayo walandiranso, ndipo muikemo zithunzi za mauthenga otsatsawo ndi za mawu amene munavomereza. Pemphani kuti amene akuona kuti nkhaniyo si yake akuyankheni molemba. Kukana pakamwa n'kosavuta, koma wogwira ntchito m'boma amaganiza kawiri asanasaine kalata yokana.

FUNSO: Ngati sindilipira kalikonse pogwiritsa ntchito masamba a mchezo, ndingatchedwe bwanji wogula? (Mnyamata wina wa ku koleji)

YANKHO: Achimwene, funso lomweli linafika m'makhoti a ku Italy. Kumapeto kwa 2018 bungwe la AGCM linalipiritsa Facebook mayuro 10 miliyoni pa milandu iwiri, ndipo umodzi unali wakuti kampaniyo inkakopa anthu powauza kuti kulembetsa ndi kwaulere popanda kuwauza pomwepo kuti deta yawo idzagwiritsidwa ntchito popanga ndalama. Makhoti anachotsa theka la chindapusacho, koma anasiya theka lokhudza mawu akuti kwaulere, kutanthauza kuti munthu wosalipira ndalama amatetezedwabe ndi lamulo la ogula. Mu 2019 EU inakhazikitsanso lamulo lopereka ufulu wa ogula kwa amene amapereka deta yawo m'malo mwa ndalama polandira zinthu za pa intaneti.

Pali mfundo yosangalatsa apa. Oteteza deta sakondwa kwenikweni ndi mawu akuti munthu amalipira ndi deta yake, chifukwa kwa iwo deta ya munthu ndi gawo la ufulu wake ndipo siyenera kuyesedwa ndalama. Ofesi ya EDPS, yoteteza deta m'mabungwe a EU, inachenjeza za zimenezi mu 2017 lamulo lija likukambidwa. Choncho mfundo imene ikuthandiza woteteza ogula kupambana mlandu ndi yomweyo imene ikumudetsa nkhawa mnzake. Akapanda kukambirana, wina akhoza kulemba chigamulo chimene chidzafooketsa ntchito ya mnzakeyo mosadziwa.

FUNSO: Ndikuphunzira za malamulo, ndipo aphunzitsi athu amatsindika kuti bungwe la boma lisamachite chimene lamulo silinalipatse mphamvu yochita. Ndiye zingatheke bwanji kuti bungwe loona za mpikisano linene kuti kampani yaphwanya lamulo la deta? Kodi kumeneku si kulowa m'munda wa eni? (Wophunzira za malamulo)

YANKHO: Aphunzitsi anu akunena zoona, ndipo funso lanu ndi lomwelo limene maloya a Facebook anapita nalo kukhoti. Mu Febuluwale 2019 bungwe la Bundeskartellamt, loona za mpikisano ku Germany, motsogozedwa ndi Andreas Mundt, linagamula kuti Facebook ikugwiritsa ntchito molakwika kukula kwake pa msika wa masamba a mchezo. Mlanduwo sunali wa mitengo, poti mtengo panalibe. Unali wakuti munthu sankaloledwa kukhala ndi akaunti popanda kuvomera kuti kampaniyo iphatikize deta yake ya pa Facebook ndi ya pa WhatsApp, ya pa Instagram, ndiponso ya pa masamba ambirimbiri a anthu ena amene anaikapo zipangizo za Facebook monga batani la Like. Bungwelo silinapereke chindapusa. Linalamula kuti kuphatikizako kusamachitike pokhapokha munthu atavomera mwaufulu, ndipo posonyeza kuti mfundo za mgwirizanowo zinali zopondereza, linagwiritsa ntchito GDPR ngati muyeso.

Mlanduwo unayenda ulendo wautali. Mu Ogasiti 2019 khoti la ku Düsseldorf linaimitsa chigamulocho, likukayika kwambiri ngati kuphwanya lamulo la deta pakokha kumawononga mpikisano. Mu Juni 2020 khoti lalikulu la Germany linachotsa kuimitsako, koma linatsamira kwambiri pa mfundo yakuti anthu analandidwa mwayi wosankha kuposa pa GDPR yeniyeniyo. Mu 2021 oweruza a ku Düsseldorf anatumiza mafunso ku khoti lalikulu la EU ku Luxembourg, ndipo yankho linabwera pa 4 Julayi 2023.

Khotilo linanena kuti bungwe la mpikisano, pofufuza ngati kampani yaikulu ikupondereza msika, likhoza kuona ngati khalidwe la kampaniyo likutsutsana ndi malamulo ena, kuphatikizapo GDPR, chifukwa masiku ano kukhala ndi deta yambiri ndi chimodzi mwa zida zazikulu zopikisanira. Kulinyalanyaza kukanakhala kuweruza msika wa lero ndi maso a dzana. Koma khotilo linaika malire amene akuyankha nkhawa yanu. Bungwe la mpikisano likapeza kuti GDPR yaphwanyidwa, limachita zimenezo pongofuna kutsimikiza mlandu wake wa mpikisano, ndipo silitenga malo a bungwe loteteza deta. Liyenera kufufuza kaye ngati woteteza deta kapena khoti anagamulapo kale pa khalidwe lomwelo kapena lofanana nalo, ndipo ngati chigamulo chilipo silingachipotoze, ngakhale kuti ndi laufulu kuona tanthauzo lake pa nkhani ya mpikisano. Ngati lili ndi chikaiko, kapena ngati mnzakeyo akufufuza kale nkhani yomweyo, liyenera kumufunsa, ndipo wofunsidwayo ayenera kuyankha nthawi isanatalike. Akakhala chete, wofunsayo ndi womasuka kupitiriza.

Khotilo linawonjezera mfundo ina imene oteteza deta anailandira ndi manja awiri, yakuti kukula kwa kampani pa msika sikuletsa pakokha kuti chilolezo chikhale choona, koma ndi chinthu chofunika kuchiganizira poona ngati munthu anavomera mwaufulu. Apa muona kuti thandizo likuyenda mbali zonse: woona za mpikisano akubwereka muyeso wa GDPR, ndipo woteteza deta akufunika kubwereka luso loyeza mphamvu ya kampani pa msika, limene iye alibe.

Kwa ine, gawo la mtengo wapatali m'chigamulochi ndi lija looneka louma, lonena za amene ayenera kufunsa mnzake, nthawi yofunsira, ndi zochita mnzakeyo akapanda kuyankha. Mawu akuti tigwirizane aliyense amawanena pa misonkhano, koma ndondomeko yokakamiza ndi imene imasowa. Mukamalemba mayeso musaiwalenso kutchula kutalika kwa nthawi: kafukufuku anayamba mu 2016 ndipo Bundeskartellamt inatseka mlanduwo mu Okutobala 2024, Meta (dzina latsopano la kampani ya Facebook) itasintha njira zina zopempherera chilolezo. Zaka 8 pa msika wa intaneti ndi nthawi yokwana kuti opikisana nawo ang'onoang'ono abadwe ndi kufa.

FUNSO: Ndili ndi kampani yaing'ono yopanga mapulogalamu a pa foni, ndipo ndalama zathu zimachokera kwa otsatsa malonda. Ine ndimaona ngati malamulo oteteza zinsinsi amapha ife ang'onoang'ono, pamene akuluakulu akungonenepa. Kodi ndikulakwa? (Bambo wina wa bizinesi)

YANKHO: Bambo, simukulakwa kotheratu, ndipo amene amanena kuti malamulo atatuwa nthawi zonse amaloza kumodzi akubisa mbali ina ya nkhani. Kampani imene ili ndi foni, sitolo ya mapulogalamu, bulawuza ndi imelo imasonkhanitsa deta m'nyumba mwake momwe, pamene inu mumadalira deta yodutsa pakati pa makampani osiyanasiyana. Lamulo likakhwimitsa kudutsako n'kusiya zochitika m'nyumba imodzi, wamkulu uja amapindula ngakhale cholinga cha lamulolo chinali chabwino.

Mu Epulo 2021 Apple inayamba kukakamiza mapulogalamu a pa iPhone kupempha kaye chilolezo asanatsate zimene munthu akuchita pa mapulogalamu ena. Ambiri okonda zinsinsi anayamikira. Koma mu Malichi 2025 bungwe loona za mpikisano ku France linalipiritsa Apple mayuro 150 miliyoni. Silinatsutse cholinga choteteza zinsinsi. Linatsutsa kachitidwe kake, kamene kanachititsa kuti mapulogalamu a anthu ena azifunsa chilolezo kangapo ndipo kanapweteka makamaka makampani ang'onoang'ono. Chofunika kudziwa n'chakuti bungwelo linapempha maganizo a CNIL, yoteteza deta ku France, pa nthawi ya kafukufukuyo, ndipo zimenezi zinachepetsa mpata wonena kuti a mpikisano akulimbana ndi zinsinsi za anthu.

Ku Britain nkhani inali ya Google, imene inalengeza mu 2020 kuti ichotsa pa bulawuza ya Chrome ma cookie, timafayilo timene makampani ena amatsatira nato anthu pa intaneti. Bungwe la CMA, loona za mpikisano, linayamba kufufuza mu Januwale 2021 poopa kuti malonda otsatsa onse angathere m'manja mwa Google, ndipo mu Febuluwale 2022 linalandira malonjezo a kampaniyo, amene anapatsa ICO, yoteteza deta, mwayi wofunsidwa maganizo ntchitoyo ikamayenda. Pamapeto pake Google inasiya ganizo lochotsa ma cookie aja. Ena amati mpikisano unapulumuka, ena amati anthu anatsala akutsatidwabe monga kale, ndipo onsewo ali ndi mfundo.

Koma musaiwale kuti mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Mankhwala amene a mpikisano amakonda ndi olamula wamkulu kuti agawireko anzake deta. Lamulo la EU la Digital Markets Act limalamula makampani akuluakulu ofufuzira zinthu pa intaneti kugawana ndi opikisana nawo deta ya zimene anthu amafufuza, atachotsamo zozindikiritsa munthu. Kuchotsako ndi ntchito yovuta. Mu 2006 kampani ya AOL inatulutsa zofufuza za anthu pafupifupi 650,000 itaika manambala m'malo mwa mayina, koma atolankhani anatha kuzindikira munthu weniweni pongowerenga zimene ankafufuza. Ngati woona za mpikisano alamula kugawana deta asanakhale pansi ndi woteteza deta, thandizo lanu likhoza kulipiridwa ndi zinsinsi za makasitomala anu omwe.

FUNSO: Bwanji osangophatikiza mabungwe atatuwa kuti likhale limodzi, nkhani ithe? (Wowerenga wina)

YANKHO: Awiri mwa atatuwa amaphatikizidwa kale m'mayiko ambiri. CMA ya ku Britain, ACCC ya ku Australia ndi FCCPC ya ku Nigeria zimaona za mpikisano ndi za ogula pamodzi. Ku America, kumene kulibe lamulo limodzi la dziko lonse loteteza deta, bungwe la FTC, limene linakhazikitsidwa mu 1914, limagwira nkhani za zinsinsi kudzera m'mphamvu yake yoletsa kupusitsa ogula, ndipo ndi njira imeneyi imene linalipiritsira Facebook madola 5 biliyoni mu Julayi 2019.

Kuwonjezerapo woteteza deta ndiko kumene ine ndimakayikira. Ntchito yake sithera pa makampani, chifukwa amayang'aniranso boma lenilenilo: apolisi, okhometsa misonkho, zipatala ndi maofesi olembetsa nzika. Wogwira ntchito yotere ayenera kukhala woima payekha, wosaopa nduna. Khoti la EU linapeza Germany mu 2010, Austria mu 2012 ndi Hungary mu 2014 olakwa chifukwa chosalemekeza mokwanira kuima paokha kwa oteteza deta awo. Mukamuika m'bungwe limene maso ake onse ali pa msika, nkhani ya mwana amene deta yake yaululidwa kusukulu idzaikidwa pansi pa mulu, poti ilibe chochita ndi malonda. Komanso kusagwirizana kwa a mpikisano ndi a zinsinsi kukachitikira m'bungwe limodzi kumathera m'chipinda chotseka, pamene akakhala osiyana aliyense amalemba maganizo ake poyera ndipo anthu amaona chimene chasiyidwa posankha china.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yoonetsetsa kuti kampani yathu ikutsata malamulo. Kodi si kupanda chilungamo kuti cholakwa chimodzi chilangidwe katatu? (Mayi wina wa ku ofesi ya malamulo)

YANKHO: Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, makamaka tikaona kukula kwa zilango: GDPR imalola chindapusa chofika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani imapeza pa chaka padziko lonse, ndipo lamulo la mpikisano la EU limalola 10 peresenti. Mu Malichi 2022 khoti la EU linaweruza mlandu wa bpost, kampani ya positi ya ku Belgium, imene inalangidwa ndi bungwe loyang'anira za positi kenako ndi la mpikisano pa nkhani imodzi ya katsitsidwe ka mitengo ya ntchito zake. Khotilo linati zilango ziwiri zingaloledwe ngati malamulo awiriwo akuteteza zinthu zosiyana, ngati malamulowo ndi omveka moti munthu angadziwiretu zimene zingamugwere, ngati mabungwewo anagwira ntchito mogwirizana ndiponso pa nthawi yoyandikana, komanso ngati zilango zonse pamodzi zikulingana ndi kukula kwa cholakwacho. Onani kuti kugwirizana kwa mabungwe kwasanduka chofunika pa lamulo: akapanda kugwirizana, chilango chachiwiri chikhoza kugwa kukhoti.

Chitsanzo china ndi cha Meta, imene mu Novembala 2023 inauza anthu a ku Ulaya kuti asankhe pakati pa kulipira mwezi ndi mwezi kapena kuvomera kuti deta yawo igwiritsidwe ntchito powatsatsira malonda. Mabungwe oimira ogula anadandaula, bungwe la EDPB losonkhanitsa oteteza deta linatulutsa maganizo ake mu Epulo 2024, maofesi oteteza ogula analembera kampaniyo mu Julayi 2024, ndipo mu Epulo 2025 European Commission inailipiritsa mayuro 200 miliyoni pansi pa Digital Markets Act. Kampani yotere ili ndi maloya okwanira kuyankha makalata onsewa. Yapakati ngati yanu ndi imene imavutika zenizeni ikalandira malangizo osiyana pa batani limodzi.

FUNSO: Timangomva zoti mabungwe asainirana mgwirizano. Kodi kugwirizanako kumaoneka bwanji kwenikweni, ndipo dziko limene mabungwe ake alibe ndalama zambiri lingakwanitse? (Bambo wina, mtolankhani)

YANKHO: Bambo, njira yofala ndi ya bwalo lokumanirana. Mu 2017 Giovanni Buttarelli, amene ankatsogolera EDPS, anayambitsa misonkhano ya Digital Clearinghouse. Ku Britain, CMA, ICO ndi Ofcom, yoyang'anira za mawailesi ndi mafoni, anakhazikitsa bwalo lotchedwa DRCF mu Julayi 2020, ndipo FCA, yoyang'anira makampani a zachuma, inalowa mu Epulo 2021. Ku Australia bwalo lofanana nalo, DP-REG, linayamba mu Malichi 2022. Mabwalo amenewa amathandiza kuti antchito adziwane, achitire limodzi kafukufuku, abwerekane akatswiri a makompyuta amene ndi osowa ndiponso odula, ndi kutulutsa malangizo amodzi monga anachitira CMA ndi ICO mu Meyi 2021. Koma ambiri ndi ongodzipereka, ndipo sangalamule membala kuchita kanthu.

Khoma lenileni lili pa zikalata. Bungwe likalanda zikalata za kampani pofufuza mlandu, lamulo nthawi zambiri limaliletsa kuziulula kapena kuzigwiritsa ntchito pa cholinga china. Choncho wofufuza wa mpikisano akhoza kuona m'maimelo a kampani umboni woonekeratu wakuti deta ya anthu ikugulitsidwa mobisa, koma osatha kuupereka kwa mnzake amene anakhala naye pa msonkhano dzulo lake. Mgwirizano wosainirana pamaso pa atolankhani sungachotse chiletso chimene chili m'lamulo, pamafunika nyumba ya malamulo. Khoma lachiwiri lili pa kugulana kwa makampani. Google itafuna kugula Fitbit, kampani ya mawotchi oyeza kugunda kwa mtima ndi tulo, EDPB inangotulutsa chikalata chochenjeza mu Febuluwale 2020, chifukwa chigamulo chinali m'manja mwa Commission yokha. Commission inavomereza mu Disembala 2020 Google italonjeza kuti kwa zaka 10 sidzagwiritsa ntchito deta ya umoyo ya anthu a ku Ulaya yochokera ku Fitbit potsatsa malonda. Kunali kusintha poyerekeza ndi nkhani ya WhatsApp ya mu 2014, koma kunadalira kuti a mpikisano aone okha kuti deta ndi nkhani yawo.

Pa za ndalama, ine ndimaona kuti amene ali ndi zochepa ndiye ayenera kugwirizana kwambiri, chifukwa sangakwanitse kulemba akatswiri katatu kuti afufuze kampani imodzi. Nigeria inasonyeza kuti n'zotheka. FCCPC inafufuza Meta ndi WhatsApp mogwirizana ndi bungwe loteteza deta la dzikolo, ndipo mu Julayi 2024 inalamula chindapusa cha madola 220 miliyoni pa milandu yokhudza ogula, mpikisano ndi deta, chimene bwalo lomva apilo linachivomereza mu Epulo 2025. Ku India bungwe la mpikisano la CCI linalipiritsa Meta marupi oposa 2 biliyoni mu Novembala 2024 chifukwa cha mfundo zatsopano zimene WhatsApp inaika mu 2021.

Monga mtolankhani, mukadzamva kuti mabungwe asainirana, pemphani chikalatacho ndipo muchiwerenge pamodzi ndi malamulo amene anakhazikitsa mabungwewo. Fufuzani ngati pali ndime yolola kupatsana umboni ndi yotchula mmene umboniwo udzatetezedwere. Onani ngati kufunsana n'kokakamiza komanso ngati masiku oyankhira atchulidwa, ndipo mufunse kuti pa mlandu wokhudza onse adzatsogolera ndani. Kenako afunseni chiwerengero cha madandaulo amene ofesi ina inatumiza yokha ku inzake chaka chatha, m'malo mouza wodandaulayo kuti apite yekha monga anachitira ndi mayi a funso loyamba aja.